Chisa cha Che Bwanali

Mwezi wa Okutobala ukafika, mphuno zanga zimabwerera zokha ku Chipoka, ngakhale thupi lili kuno ku Lilongwe. Ndimamva fungo la chikopa cha ng'ombe chonyikidwa m'madzi, fungo la phula lofewa ndi dzuwa, ndi kafumbi kouma ka usufu kamene kankatiyetsemulitsa banja lonse. Usufu ndi thonje lobala mumtengo. Kuseri kwa nyumba yathu kunali mtengo wake umodzi, wautali kuposa denga lililonse m'dera lathu, ndipo nyengo yotentha zipatso zake zinkauma n'kumang'ambika zokha. Masana kukakhala zii, unkamva kuthetheka m'mwamba, kenako thonje loyera n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Lina linkagwera m'ndowa za madzi, lina m'tsitsi la ana, lina n'kuuluka mpaka kukakola pa udzu wa m'mbali mwa njanji. Amayi ankadana nawo mtengowo chifukwa cha zovala zoyanika. Abambo ankaupatsa ulemu ngati mlamu wawo wamkulu.

Abambo anga, a Mbewe, anali mmisiri woika zofewa ndi nsalu pa mipando. Ntchito yawo inkayambira pamene kalipentala wathera. Ankagwirira m'chisakasa cha malata akale chimene chinali ndi khomo limodzi loyang'ana kumsewu ndi kawindo kamodzi kumbuyo. Ankayamba ndi malamba a chikopa, amene ankawanyika tsiku lathunthu, n'kuwakoka akadali onyowa, kuwalukanitsa pansi pa mpando ndi kuwakhomera ndi timisomali timene ankatisunga m'kamwa. Chikopa chikauma chinkadzikoka chokha, moti ukachigogoda ndi chala chinkalira ngati ng'oma. Pamwamba pake ankayala chiguduli, kenako khonje lopesa bwino, n'kulisokerera ndi singano yaitali ngati mkono wanga ndi ulusi wopaka phula kuti usaole. Usufu unkabwera pambuyo, dzanja limodzi limodzi, kenako bafuta, ndipo pomaliza nsalu imene mwini mpando wasankha.

Masiku amenewo siponji inali itafika kale ku Salima, ndipo anthu ambiri ankaikonda chifukwa inali yachangu. Abambo ankaiyang'ana ngati nsomba ya dzana. "Siponji ukangodzukapo yaiwala kale kuti unalipo," ankatero. "Usufu umasunga munthu." Ine ndikafunsa kuti umamusunga bwanji, iwo, timisomali tili m'kamwa, ankangondilozera dengu langa.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo dzina langa la Esinati linkamveka kusukulu ndi kutchalitchi kokha. Pakhomo ndi mumsewu ndinali Nabwanji, chifukwa palibe chimene chinkadutsa pamaso panga popanda kuchifunsa. Ntchito yanga inali yochotsa njere mu usufu. Njere zake ndi zakuda, zozungulira ngati manyi a mbuzi, ndipo ukasiyamo ngakhale zochepa makoswe amaboola mpando kuti azidye. Ndinkaika usufu m'dengu lakuya, n'kulowetsamo kamtengo kamphanda ndi kukapota pakati pa zikhato mpaka njere zitagwera pansi. Koma chimene ndinkachikonda koposa chinali kufika kwa mipando yakale. Lamulo la ntchito linali lakuti zam'kati zakale sizitayidwa: umazimasula, kuzimenya ndi ndodo, kuziyanika pa malata, n'kuzibwezeramo zitafufumanso. Kumasulako kunali kwa ine, ndipo m'mipando ya anthu ndinkapezamo mabatani, mapini, mano a chipeso, ndipo kamodzi dzino lenileni la munthu, limene amayi anandilanda n'kukalitaya m'chimbudzi.

Panjira ya kusukulu, pafupi ndi mzikiti, panali nyumba ya Che Bwanali. Anali msodzi wa ku Mbenji kwa zaka zambiri, wa aja amapita kuchilumba nyengo ikatsegulidwa n'kubwerako nkhope zitapsa ndi dzuwa. Pamene ine ndinkawadziwa anali atasiya kupita panyanja, ndipo ankangosokera anyamata maukonde ali pakhonde. Anali munthu wathupi, wandevu zoyera, ndipo ankakhala pa mpando wa mlombwa wokhala ndi mikono, umene anaugula kalekale kwa mmwenye wina amene ankatseka sitolo. Pambali pa mpandowo pankakhala mkeka, ndipo pamkekapo pankakhala akazi awo, Abiti Saidi, lichero la mpunga lili pamiyendo, akusankha timiyala uku akuyankhula chapansipansi nkhani zosatha.

Che Bwanali ndi munthu wamkulu yekhayo amene sankatopa ndi mafunso anga, mwina chifukwa theka lake sankalimva. Makutu awo anali atatha ndi mphepo ya panyanja. Ndinkaima kutsogolo kwawo, chikwama cha mabuku chili m'khosi, n'kumakuwa: chifukwa chiyani akazi sapita ku Mbenji, kodi nsomba zimagona, kodi nyanja ili ndi pansi. Iwo ankayankha zina, zina n'kungoseka, kenako n'kundipatsa bwemba kuchokera m'thumba la mkanjo. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti sankakhala mowongoka. Nthawi zonse ankapendekera mbali imodzi, phewa litatsika, mutu utatsamira. Tsiku lina ndinawafunsa.

"Mafunde a mwera, mwanangu," anatero. "Anandikankha zaka makumi atatu, ndiye ndinangouma chomwecho."

Abiti Saidi anasekera m'lichero. Ine ndinakhulupirira, ndipo mawa lake ndinakafotokozera kalasi yonse ngati nkhani ya m'buku.

Che Bwanali anamwalira mu Julayi, mwera womwewo ukuwomba. Kwa anzathu Asilamu, mkazi akaferedwa amakhala pa eda: miyezi inayi ndi masiku khumi ali pakhomo, osayendayenda, osacheza ndi amuna amene si achibale. Khonde lija linakhala lopanda munthu, ndipo mpando anaulowetsa m'nyumba, pakuti pa maliro mlendo wina wonenepa anaukhalira malamba a pansi n'kuduka. Kumapeto kwa Seputembala mphwake wa malemu anaubweretsa kwathu pa njinga. Popeza abambo sakanatha kukayankhula ndi mwini wake, uthenga unadzera kwa amayi, amene anali atapita kukawaona. Abiti Saidi anati malamba akonzedwe, nsalu isinthidwe, koma pamene ankakhala amuna awo pasawongoledwe, pabwerere monga momwe palili. Anati akadzatuluka pa eda adzabwera okha kudzautenga. Mawu amenewa ine sindinawamve tsiku limenelo. Ana a nthawi imeneyo tinkapatsidwa malamulo, zifukwa zinkatsala ndi akuluakulu.

Ndinaona ndithu kuti abambo akuugwira mpandowu mosiyana ndi ina. Nsalu yakale anaivula n'kuiotcha nthawi yomweyo, monga ankachitira ndi nsalu zonse poopa nsikidzi, ndipo malamba oduka anawazula n'kuwataya. Koma atafika pa zam'kati, anasiya changu. Anadula ulusi umodzi umodzi, n'kulowetsa kathabwa kopyapyala pansi, n'kunyamula khonje ndi usufu zonse pamodzi, osagwetsa ngakhale kachidutswa. Zinali zitagwirana n'kuuma ngati chinthu chimodzi, zabulauni, zolowa m'kati pamene thupi linkafikira. Zoterezi abambo ankazitcha chisa, chifukwa zimafanana ndi pamene nkhuku yafungatira nthawi yaitali. Anachilowetsa m'thumba, n'kuchiika pamwamba pa shelefu.

"Thumba ili usalikhudze," anatero.

"Bwanji?"

"Usalikhudze."

Kumuuza Nabwanji mawu otere kunali ngati kusiya usipa pamphuno pa mphaka. Masiku atatu ndinkapota usufu wanga maso ali pa shelefu. Loweruka abambo anapalasa njinga kupita ku Maganga kukatenga chikopa, amayi anapita kumsika, ndipo ine ndinakwera pa benchi. Ndikunena zoona, ndinkangofuna kuona. Nditatsegula thumba, Che Bwanali anatulukamo ndi fungo: utsi, nsomba zouma, thukuta, ndi mafuta onunkhira aja ankadzola Lachisanu popita kumzikiti. Ndinaika dzanja pamene panali polowa, ndipo zinali ngati angodzukapo kupita kukamwa madzi.

Kenako chala changa chinabayidwa. M'mphepete mwa chisa munali mbedza yaing'ono yadzimbiri. Ndinaikoka, ndipo inatuluka ndi khonje pang'ono. Pamene inatulukirapo ndinaona kanthu kakuda konyezimira, ndipo nditakumba ndinapeza kuti ndi mkanda wa tasibihi, ija amawerengera popemphera. Ndinaganiza kuti pamene pali umodzi payenera kukhala wachiwiri. Wachiwiri sindinaupeze, koma ndinapeza njere za bwemba, kachidutswa ka ulusi wa ukonde, ndi batani la mkanjo. Pamene ndinadzutsa mutu kuti ndione chimene ndachita, pabenchi panalibenso chisa. Panali mulu.

Mwana akalakwa amafulumira kupeza nzeru, ndipo nzeru zakezo ndi zimene zimamumaliza. Ndinadziuza kuti abambo akanachimasula ndithu, monga amachitira nthawi zonse, ndipo mwina anangoopa kuti ndichita mosasamala. Choncho ndinaganiza zowaonetsa kuti ndine mmisiri. Ndinalekanitsa khonje ndi usufu, ndinapesa, ndinamenya ndi ndodo mpaka fumbi la zaka zambiri linandida kumaso, kenako ndinayanika zonse pa malata awiri pabwalo. Zinafufuma bwino kwambiri. Ndikanama ndikanena kuti sindinanyadire.

Abambo anafika dzuwa litapendeka pang'ono, chikopa chili chopinda pa kaliyala. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa usufu, n'kuyang'ana malata aja, kenako n'kuyang'ana thumba lopanda kanthu limene linali pakhomo la chisakasa. Sanakuwe. Anavula chipewa n'kukhala pansi pomwepo, pafumbi, munthu amene sankalola ngakhale ife kukhala pansi ndi zovala zoyera. Amayi, amene anali atangofika kumene, anatula dengu n'kugwira pakamwa. Ndi iwo amene anandiuza tsopano uthenga wa Abiti Saidi, mawu ndi mawu, ndipo aliwonse ankandilowa ngati singano ya abambo ija.

"Iwe amene umafunsa ngakhale chifukwa chimene nkhuku ilibe mano," anatero amayi, "lero lokha walephera kufunsa?"

"Ndinafunsa," ndinayankha ndikulira. "Sanandiyankhe."

Ndinkayembekezera khofi, koma silinabwere. Abambo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana pansi. "Wanena zoona," anatero. Mawu awiri amenewo anandiwawa kuposa chikwapu, ndipo mpaka lero ndikanakonda akanangondimenya.

Amayi anati madzi akatayika saoleka, ndipo chabwino n'kupita kukawauza Abiti Saidi mawa lomwelo. Abambo anakana. Anati sangatumize mawu kwa mkazi amene ali pa eda akuti chotsala cha mwamuna wake chayanikidwa pa malata ngati chinangwa. Panali patatsala masabata asanu ndi awiri. Khonje ndi usufu zinali zomwezo, palibe chimene chinatayika kupatula maonekedwe, ndipo maonekedwewo iwo akanayesa kuwabwezera ndi singano ndi thupi lawo. Zoona zake akanadzazinena tsiku lotenga mpando, koma mpandowo uli pamaso. Vuto linali limodzi. Anaona kuti chisa chinali cholowa kwambiri mbali imodzi, koma mbali yake sanaisunge m'mutu, pakuti ankadziwa kuti adzachibwezeramo monga chinalili. Nsalu yakale inali phulusa, malamba anali atatayidwa.

Apa Nabwanji anapukuta misozi. Ndinatsinzina, n'kuwaona Che Bwanali pakhonde paja, mutu wawo utagwera mbali ya dzanja langa ili. Ndinalikweza. "Kumanzere," ndinatero. Amayi anati mwina apite akafunse Abiti Saidi mochenjera, koma abambo anati mayi aja si mwana, angadziwe kuti kwachitika kanthu. Ine ndinakwiya kuti akundikayikira. Ndani ankaima pamaso pa Che Bwanali tsiku ndi tsiku, amayi kapena ine?

Abambo analuka malamba atsopano, n'kuwasiya ofooka pang'ono mbali yakumanzere. Anayala chiguduli, n'kubwezera khonje lomwe lija, n'kulisoka mokoka kwambiri pamene thupi liyenera kulowa ndi momasuka m'mphepete. Usufu anauika wochepa pakati, wambiri kumbali. Atakuta ndi bafuta, mpando unali ndi chisa ndithu, koma chinali chisa cha singano, chooneka kuti sichinakhalidwepo ndi munthu. Chotsala chinali kukhalapo. Anauika mpandowo kumapeto kwa chisakasa, moyang'ana kawindo kakumbuyo kaja, kuti odutsa mumsewu asaone bwino kuti a Mbewe atsamira pa mpando wa malemu. Choncho ine, ndikaima pakhomo, ndinkawaona chakumbuyo.

"Pendekerani. Ayi, mwapitirira. Phewa litsike. Mutunso."

Anamvera zonse ngati mwana wa sukulu. Ndipo mutu wawo utagwera kumanzere, ndinaona chithunzi chenicheni chimene chinali m'maso mwanga, mutu uli mbali yomweyo ya dzanja langa. Ndinawauza kuti akhoza.

Abambo anali munthu woonda, pamene Che Bwanali anali athupi, ndiye ankakhala atanyamula theka la thumba la chimanga pamiyendo. Pamwamba pa thumbalo ankayalapo ntchito zina n'kumasoka. Ankadyera pomwepo, ankamvera wailesi pomwepo, ndipo ngakhale pamene kunalibe ntchito ankakhalabe, thukuta likuyenderera m'khosi, malata akuthetheka ndi dzuwa la Okutobala. Sabata yachitatu anayamba kuyenda chopendekera. Kutchalitchi mkulu wa mpingo anawafunsa mwakachetechete ngati ali ndi chithupsa pamalo ovuta kutchula. Amayi ankawathowa msana ndi madzi otentha uku akudandaula kuti iwo anakwatiwa ndi mwamuna wowongoka, ndipo sakudziwa kuti uyu wachokera kuti.

Ine ndinadzipatsa ntchito yoyeza. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkaika ndimu pakati pa mpando n'kuona kumene ligubuduzikire. Poyamba linkaima n'kumaganiza kaye. Pofika kumapeto kwa Okutobala linkathamangira kumanzere n'kukhazikika pamalo amodzi omwewo, ndipo bafuta anali atayamba kuda ndi kusalala. Ndinkanunkhizanso, kuopa kuti fungo la abambo lingapitirire la mwini wake. Zinkandisangalatsa kuona kuti usufu ukusungadi munthu, koma mantha sanandichoke. Ndikafika pafupi ndi mzikiti ndinkathamanga, maso ali kutsogolo, kuopa kuti Abiti Saidi angandione pawindo n'kundiitana kuti andifunse za mpando.

Abiti Saidi anabwera m'mawa wina wa Novembala, mvula yoyamba itagwa dzulo lake, nthaka ikununkhira ndipo usufu wotsala uli wonyowa pansi ngati nthenga za nkhuku. Anali ndi mng'ono wawo, onse atafunda nsalu kumutu. Anali ataonda, ndipo ankaponda pansi mosamala monga munthu amene waiwala kutalika kwa msewu. Amayi anawayalira mkeka pansi pa mtengo, analonjerana mwaulemu wonse, anafunsana za matupi ndi za mvula. Kenako abambo anatulutsa mpando. Nsalu yatsopano inali yobiriwira, timisomali tamkuwa tili pamzere, mlombwa ukuwala ndi phula. Ine ndinali kuseri kwa chitseko.

"Mayi, musanauone, pali mawu," anayamba abambo.

Abiti Saidi anakweza dzanja kuti adikire. Sanakhale pampandopo. Anagwada pambali pake, n'kuika chikhato pansalu, ndipo dzanjalo linapita lokha kumanja kwa mpando, ngati mmene phazi limapezera khomo la kwawo. Linapeza polimba. Linaima. Kenako linayenda pang'onopang'ono kupita kumanzere, n'kulowa. Dzanjalo linakhala momwemo, ndipo ine sindinathe kupirira. Ndinatuluka kuseri kwa chitseko n'kunena zonse mwakamodzi: thumba, mbedza, mkanda, ndodo, malata. Ndinatulutsa m'thumba la diresi zinthu zija, zimene ndinazisunga m'kachitini masabata onsewo, n'kuziika pamkeka.

Abiti Saidi anatola mkanda uja n'kuugubuduza pakati pa zala. "Anaufunafuna uwu," anatero. Kenako anayang'ana abambo. "Ndiye wakhalapo ndani apa?"

"Ndine, mayi. Masabata asanu ndi awiri."

"Mbali anakuuzani ndani?"

Abambo sanafune kundiloza, koma ine ndinadziloza ndekha. Abiti Saidi anandifunsa kuti ndinkaima pati ndikamacheza ndi amuna awo, ndipo ndinati kutsogolo kwawo. Anandikokera pafupi, tinayang'anizana, ndipo anakweza dzanja lawo lamanja n'kundiuza kuti ndiloze mbali imene lili. Ndinaloza ndi dzanja langa lamanzere. Ndinayang'ana dzanja langalo, ndinayang'ana lawo, ndipo pamenepo ndinazindikira. Che Bwanali ndinkawaona chakumaso, abambo ndinkawaona chakumbuyo. Masabata asanu ndi awiri, thumba la chimanga, msana wothowa, zonsezo zinapita mbali yolakwika chifukwa cha ine. Manyazi amene ndinamva sindinawamvenso m'moyo mwanga.

"Safunsa anadya phula," anatero amayi chapansipansi, ndipo sankayang'ana ine ndekha.

Abambo anagwada. Anapepesa, n'kunena kuti auphwasula tsiku lomwelo ayambirenso, ndipo akhalapo masabata ena asanu ndi awiri, kapena khumi, mpaka ukhale bwino. Abiti Saidi anatembenukira kwa ine. Anali akadandigwira dzanja.

"Iwe wa mafunso, ukudziwa chimene ankapendekera?"

"Mafunde a mwera," ndinayankha.

Anaseka. Kunali kuseka kwa munthu amene sanaseke miyezi inayi, koyamba movutikira ngati chitseko chadzimbiri, kenako n'kumasuka mpaka anagwira pamimba. Mng'ono wawo anawayang'ana modabwa. Kusekako kunasanduka misozi osadukiza, ndipo anaipukuta ndi nsonga ya nsalu.

"Anakunamiza, mwanangu. Khutu lamanja ndi lokhalo limene linatsala. Ine ndinkakhala kumanjako."

Ndinakumbukira mkeka uja, lichero, ndi mawu apansipansi osatha aja, amene ine ndinkaganiza kuti amangodziyankhulira okha. Abiti Saidi anaweramira pampando n'kuika nkhope pansalu yobiriwira, ndipo anapuma kawiri mozama. "Alihamudulillahi, Mulungu ayamikike, fungo ndi lake," anatero. Kenako anayang'ana abambo, amene ngakhale atagwada phewa lawo linali lotsika mbali imodzi.

"Musauphwasule, a Mbewe. Msana wanu wavutika mokwana. Ine ndingosuntha mkeka."

Mpando unapita pa njinga masana omwewo. Lolemba ndikupita kusukulu sindinathamange pofika pa mzikiti. Mpando unali pakhonde, pamalo ake akale, wopanda munthu. Mkeka unali kumanzere kwake, pamene dzuwa la m'mawa linkafika ndipo chipupa sichinkatchinga mphepo, ndipo Abiti Saidi anali pamenepo ndi lichero lawo, akusankha mpunga, milomo ikuyenda. Anandiitana n'kundipatsa bwemba. Anakhala mbali imeneyo mpaka pamene ine ndinachoka ku Chipoka kupita ku sekondale. Phewa la abambo linawongoka pofika Khirisimasi, koma kuyambira pamenepo akandiletsa chinthu ankawonjezera chifukwa chake, ngakhale timisomali tili m'kamwa.

Nthawi imeneyo ndinkaona kuti nkhaniyi inatha mophweka. Ndinkati mayi aja ndi anzeru, apeza njira yachidule imene tonse sitinaiganize, pakuti mkeka ndi chinthu chopepuka, ngakhale mwana amaunyamula ndi dzanja limodzi. Ndinakula, ndinakwatiwa, ndipo tsopano ndakhala zaka zambiri ndikugona mbali imodzi ya bedi, moti ndikagona kwa eni n'kundiika mbali ina tulo sitibwera. Ndi pamene ndinayamba kuwerengera bwino zimene ndinaona. Mayi aja anatuma chinthu chimodzi chokha, ndipo ife tinachiwononga kawiri. Anali ndi ufulu wonse wolira ndi kutibwezera mpando wathu. Koma anaona mwana akunjenjemera ndi bambo wopendekeka msana, ndipo anachoka pamalo pamene anakhala moyo wawo wonse wa pabanja, n'kukakhala padzuwa, mbali ya khutu limene silinkamva.